Phunziro: Mvula Ikagwa, Madzi Ake Amapita Kuti?

Dziko la Malawi silisowa mvula kwenikweni. Madera ambiri amalandira mamilimita oposa 800 pa chaka, ndipo m'madera ena a ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay mvula imafika mamilimita 2,000. Komabe pofika mwezi wa Okutobala amayi amalawirira m'bandakucha kukandanda pa mjigo, mitsinje yambiri imasanduka mchenga wokhawokha, ndipo ng'ombe zimayenda mtunda wautali kufuna pomwera. Madzi onse aja, amene m'Januwale ankatsekereza misewu ndi kugwetsa milatho, amakhala atapita kuti? Funso limeneli ndilo tiliyankhe m'phunziro lathu la lero.

Zolinga za phunziro

Pomaliza phunziroli muzitha kuchita zinthu zitatu: kuwerengera kuchuluka kwa madzi a mvula amene agwa pamalo, kufotokoza njira zitatu zimene madziwo amadzera akafika pansi, ndi kunena chimene chimachititsa kuti madzi atsate njira ina osati inzake.

1. Tiyambe ndi kuyeza mvula

A zanyengo akamalengeza pa wailesi kuti kwagwa mvula ya mamilimita 20, ambiri timaona ngati ndi timadzi tochepa, popeza mamilimita 20 pa rula safika ndi pa mfundo yoyamba ya chala. Koma dziwani lamulo ili: mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi ake amakwana lita imodzi.

Tiyeni tiwerengere. Denga la malata la mamita 10 m'litali ndi mamita 5 m'lifupi ndi masikweya mita 50. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa denga limeneli, ndiye kuti patsika malita 1,000, omwe ndi zidebe 50 za malita 20. Mvula yomweyo ikagwa pa munda wa hekitala imodzi, womwe ndi masikweya mita 10,000, pamatera malita 200,000 tsiku limodzi lokha. Sungani nambala imeneyi m'mutu, chifukwa madzi onsewa ayenera kupita kwinakwake.

2. Kumene mvula imachokera

Madzi sapangidwa atsopano chaka ndi chaka. Ndi omwewo amene amangozungulira pakati pa nyanja, mlengalenga ndi nthaka, ndipo chimene chimawayendetsa ndi dzuwa. Likawomba pa nyanja, pa dambo kapena pa chovala chonyowa, madzi amasanduka nthunzi yosaoneka ndi maso n'kukwera m'mwamba. Mchere umatsalira, n'chifukwa chake mvula siwawa mchere ngakhale kuti pafupifupi magawo 97 pa 100 aliwonse a madzi a pa dziko lapansi ndi amchere.

Kumwamba kumazizira. Mpweya ukakwera mamita 1,000, kutentha kwake kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Nthunzi ikazizidwa imabwerera kukhala timadontho, monga mmene mumaonera kunsi kwa chivundikiro cha poto wowira. Timadontho tambirimbiri timeneti ndito timapanga mitambo. Tikagundana n'kulemera, timagwa ngati mvula.

Chinyezi chambiri chimene chimatigwetsera mvula kuno chimachokera ku nyanja yamchere ya Indian ndiponso ku nkhalango za ku Congo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mphepo zonyowa za mbali zimenezi zimakumana pamwamba pa dera lathu, zimakwera, ndipo dzinja limayamba. Mapiri nawonso amathandiza. Mphepo ikagunda phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, imakakamizika kukwera, imazizira, n'kutula mvula kumbali imene yachokera. Ichi n'chifukwa chake tiyi amachita bwino ku Mulanje ndi ku Thyolo, pamene ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe kuli kuchigwa, mvula imachepa.

3. Njira zitatu za madzi a mvula

Dontho lililonse likafika pansi lili ndi njira zitatu: kubwerera kumwamba, kuthamanga pamwamba pa nthaka, kapena kulowa pansi.

Njira yoyamba: kubwerera kumwamba

Madzi ena amauma msanga dzuwa likangotuluka. Ena amatengedwa ndi mizu ya zomera n'kutulukira m'timabowo ta m'masamba ngati nthunzi. Mungatsimikize izi nokha: mangirirani jumbo yoonekera mkati pa nthambi yamasamba ya mango m'mawa, ndipo pofika masana mudzapeza timadontho titadzaza m'jumbomo.

Njira imeneyi imatenga madzi ambiri kuposa mmene timaganizira. Taonani nyanja ya Chilwa. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'nyanjayi, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulukamo. Khomo lalikulu lotulukira madzi ake ndi kumwamba. Nthunzi ikamachoka, mchere umatsalira, n'chifukwa chake madzi a ku Chilwa amamveka kamchere. Nyanjayi ndi yosazama, moti mvula ikachepa zaka zotsatizana, dzuwa limatenga madzi ochuluka kuposa amene mitsinje ikubweretsa. Zikatero nyanja imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, pamene mabwato anatsala ali gwa pa matope ong'aluka ndipo asodzi a matemba anasowa kolowera.

Ngakhale nyanja ya Malawi, yomwe kuzama kwake kumafika mamita pafupifupi 700, imataya madzi ambiri kudzera mu nthunzi kuposa amene amatuluka ndi mtsinje wa Shire, womwe ndi khomo lake lokhalo. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanjayi inatsika kwambiri moti Shire analeka kutulutsa madzi ake.

Njira yachiwiri: kuthamanga pamwamba

Mvula ikamagwa mofulumira kuposa mmene nthaka ingamwere, madzi otsala amayenda pamwamba kutsata kutsetsereka. Amayamba ngati timifuleni, timifuleni n'kukumana kukhala mtsinje, mtsinje n'kukathira m'nyanja kapena mu Shire, mpaka ku Zambezi ndi kunyanja yamchere. Madzi a njira imeneyi amachoka m'dera lathu patangopita maola kapena masiku ochepa.

Choipa n'chakuti sachoka okha. Dontho la mvula likamenya dothi lopanda chophimba, limaliphwanya, ndipo madzi othamanga amanyamula dothi la pamwamba, lomwe ndi lachonde. Mukaona mtsinje wafiira mvula itagwa, dziwani kuti ndi minda ya anthu imene ikupita. Dothi limeneli limakakwirira mitsinje ndi madamu. Pa Shire pali malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo matope ndi zinyalala zochokera kumtunda ndi zina mwa zimene zimasokoneza makina a kumeneko. Munda wokokoloka ku Ntcheu kapena ku Balaka umakhudza babu la m'nyumba ya ku Lilongwe.

Njira yachitatu: kulowa pansi

Apa ndipo pagona phunziro lathu, choncho tidekhepo. Dothi silili gwa ngati mwala. Pakati pa timibulu take pali timipata, ndipo madzi amalowa m'timipatamo n'kumatsika pang'onopang'ono. Ena amatsalira chapamwamba, pamene mizu ya chimanga imafika. Ena amapitirira mpaka kukafika pa miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe. Akakumana ndi thanthwe lopanda ming'alu amaima, n'kuyamba kudzaza timipata tonse kuchokera pansi kukwera m'mwamba.

Musaganize kuti pansi pa mudzi wanu pali nyanja kapena mtsinje waukulu. M'madera ambiri a dziko lino madzi a pansi amakhala m'timipata ta mchenga, m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu. Wokumba chitsime amaona zimenezi ndi maso ake: amayamba ndi dothi louma, kenako lachinyezi, kenako matope, mpaka madzi ayamba kuchucha m'mbali mwa dzenje. Pamene madziwo aima m'chitsime ndiye mlingo wa madzi a pansi m'dera limenelo. M'dzinja mlingowu umakwera, m'chilimwe umatsika. Mjigo umakhalitsa kuposa chitsime chifukwa umabooledwa mozama, nthawi zambiri mamita 30 kapena kuposerapo, kupitirira pamene mlingowu umatsikira.

Madzi a pansi nawo amayenda, koma mwakachetechete, mwina mita imodzi pa tsiku kapena kucheperapo. Pamene mlingo wake wakumana ndi nthaka ya pamwamba, monga m'munsi mwa phiri, amatumphuka ngati kasupe. M'malo otsika amanyowetsa dambo, ndipo m'pamene timalima madimba. Mtsinje umene ukuyendabe mu Seputembala, patapita miyezi mvula italeka, ukumwa madzi a pansi amene analowa m'dzinja. Nthaka ndiyo nkhokwe ya madzi: zimene sizinalowemo nthawi ya mvula simungazitapemo m'chilimwe.

4. Chimene chimasankha njira

Zinthu zinayi ndizo zimagamula kuti madzi alowe pansi kapena athawe.

Choyamba ndi mtundu wa dothi. Dothi lamchenga limamwa madzi msanga, pamene la makande lili ndi timipata tating'ono kwambiri, ndipo likatupa madzi amangoima pamwamba.

Chachiwiri ndi kutsetsereka kwa malo. Pamalo otsetsereka madzi sapeza mpata wodikira kuti alowe.

Chachitatu ndi kagwedwe ka mvula. Mvula yamvumbi imalowa bwino kuposa yamkuntho imene imakhuthuka nthawi imodzi.

Chachinayi ndi chophimba nthaka, ndipo ichi ndicho chili m'manja mwathu. Masamba a mitengo amachepetsa mphamvu ya madontho. Udzu ndi zinyalala zogwa pansi zimachedwetsa madzi. Mizu yowola, nyongolotsi ndi chiswe zimasiya tinjira tolowera madzi. Phiri likadulidwa mitengo n'kuotchedwa, mvula imagwa yomweyo, koma yambiri imatsata njira yachiwiri. Zotsatira zake zimabwera kawiri: kusefukira kwa madzi m'dzinja, ndi kuuma kwa akasupe m'chilimwe.

5. Zoyesera m'kalasi

Pezani mabotolo awiri apulasitiki a malita awiri. Agonekeni cham'mbali n'kudula mbali ya pamwamba kuti akhale ngati timabwato. M'botolo loyamba ikani dothi lokhalokha. M'lachiwiri ikani chibuma chokhala ndi udzu ndi mizu yake. Atsamiritseni onse pa njerwa mofanana, kukamwa kutaloza pansi, ndipo ikani kapu yoonekera mkati pakamwa pa lililonse. Boolani timabowo kunsi kwa chitini, ndipo thirani madzi ofanana pa botolo lililonse kudzera m'chitinicho.

Yang'anitsitsani zinthu zitatu: kapu imene yayamba kulandira madzi, imene yalandira ambiri, ndi mtundu wa madziwo. Mudzaona kuti ku dothi lopanda kanthu madzi akutuluka nthawi yomweyo, ofiira, ndipo pakapita kanthawi matope akhazikika pansi pa kapu. Ku chibuma cha udzu madzi achedwa, atuluka ochepa ndi oyererako, ndipo akhala akudontha ngakhale mutaleka kuthira. Lembani zimene mwaona m'makope anu.

6. Nthaka ikakhuta

Nthaka nayo ili ndi malire. Mvula yamphamvu ikagwa masiku angapo osalekeza, timipata tonse timadzaza. Pa phiri, dothi lonyowa limalemera kwambiri, ndipo madzi amene ali pakati pa dothi ndi thanthwe amachititsa kuti dothilo lisagwirenso. Pamenepo mbali ya phiri imagumuka, matope, miyala ndi mitengo n'kutsika pamodzi. Izi ndi zimene makolo athu amazitchula kuti napolo. Zinachitika ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu Marichi 1991, ndiponso mu Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre. Anthu ambiri anataya miyoyo. Mitengo imathandiza kugwira dothi, koma mvula ikafika pamenepa ngakhale phiri la nkhalango likhoza kugumuka. N'chifukwa chake kumanga nyumba m'mbali mwa phiri lotsetsereka kapena m'khwawa ndi kuika moyo pachiswe.

7. Zimene tingachite

Ntchito yathu ndi kuchedwetsa madzi kuti apeze nthawi yolowa pansi. Mizere ya m'munda izipingasa kutsetsereka motsata akalozera, ndipo m'mbali mwake mubzalidwe udzu wa vetiva. Mapesi asaotchedwe, koma aziphimbira nthaka. Mitengo ya m'mapiri, ya pa akasupe ndi ya m'mbali mwa mitsinje isiyidwe, ndipo pamene inatha ibzalidwenso. Madzi a pa denga akololedwe m'thanki kapena alozedwe m'dzenje lomwera m'malo mokumba chigwembe pabwalo.

Kumbukiraninso kuti chimene chalowa pansi chimatsata madzi. Chimbudzi chizikumbidwa kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, pa mtunda wosachepera mamita 30, kuti tizilombo ta kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba tisafike m'madzi akumwa.

Mafunso obwereza

1. Denga la kalasi ndi la mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Kwagwa mvula ya mamilimita 15. Ndi malita angati amene atsika pa dengalo?
2. N'chifukwa chiyani madzi a m'nyanja ya Chilwa ali ndi kamchere pamene a m'mitsinje yothiramo samveka kamchere?
3. Mtsinje umene ukuyenda mu Seputembala umawatenga kuti madzi ake?
4. Tchulani zinthu zinayi zimene zimagamula njira ya madzi a mvula. Ndi chiti chimene munthu angathe kusintha?

Ntchito ya kunyumba

Funsani agogo kapena munthu wina wachikulire wa m'dera lanu za mtsinje, kasupe kapena dambo limene kale silinkauma koma masiku ano limauma. Mukaone malowo pamodzi ndi mnzanu, mujambule mapu osonyeza kumene madzi ake amachokera, ndipo mulembe zimene zasintha kumtunda kwake. Sabata yamawa gulu lililonse lidzafotokoza zimene lapeza, ndipo tidzasankha malo amodzi pafupi ndi sukulu amene tidzayambe kuwasamalira mvula isanagwe.