Phunziro: Kuwerenga lipoti la mwana wa pa sekondale yoyendera

Teremu ikatha, makolo ambiri m'mawodi athu amafunsa mwana funso limodzi lokha: wakhala nambala chiyani? Mwana akayankha kuti wakhala nambala 3, nkhuku imaphedwa, lipoti n'kulowa m'chikwama osawerengedwanso. Phunziro la mwezi uno likufotokoza chifukwa chake nambalayo payokha ikhoza kutinamiza, makamaka pa sekondale zazing'ono zoyendera, zimene timazidziwa ndi dzina loti CDSS, kumene ana athu ambiri amaphunzira.

Tiyambire kumapeto kwa ulendo. Mayeso a MSCE, amene bungwe la MANEB limalembetsa ku Fomu 4, sayang'ana kuti mwana anali wachingati m'kalasi mwake. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi yakeyake kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza kopambana, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pamene 9 ndi kulephera. Kuti mwana apeze satifiketi, ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo pa kirediti, kapena maphunziro asanu, atatu mwa iwo pa kirediti. Panjira zonse ziwirizi, Chingerezi chiyenera kukhala m'gulu la maphunziro amene wakhoza. Wofuna malo ku mayunivesite a boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo mapointi amene timamva pa wailesi amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa. N'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo apamwamba kwambiri.

Tsono tiyerekeze mtsikana amene wapeza 3 pa Masamu, 2 pa Zaulimi, 3 pa Biology, 2 pa Chichewa, 4 pa Geography, koma 9 pa Chingerezi. Pa sukulu ya ana makumi anayi m'kalasi, mtsikanayu akhoza kukhala nambala 1 zaka zonse zinayi, chifukwa nambala imachokera pophatikiza malikisi onse pamodzi, ndipo maphunziro amene amawadziwa bwino amabisa chilonda cha Chingerezicho. Zotsatira za MANEB zikatuluka, satifiketi palibe. Chilondacho chinkaoneka pa lipoti kuyambira ku Fomu 1, koma panalibe amene anawerenga mzere umenewo.

Chingerezi tichedwepo pang'ono, pakuti vuto lake silithera pa pepala la Chingerezi lokha. Ku sekondale, pafupifupi maphunziro onse kupatula Chichewa amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi. Mwana wobadwira pa munda amadziwa bwino lomwe chifukwa chake timasinthasintha mbewu, mwinanso kuposa mphunzitsi wake. Koma funso likamuuza kuti afotokoze, iye n'kungotchula mayina a mbewu chifukwa sanamve kusiyana kwa mawu awiriwo, malikisi amapita. Choncho mukaona kuti malikisi a History, Geography ndi Biology akutsikira limodzi, musafulumire kunena kuti mwana wayamba ulesi. Yang'anani kaye mzere wa Chingerezi. Nthawi zambiri gwero limakhala pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi kuwerenga: nyuzipepala yakale, buku la nthano, ngakhale kabuku ka malangizo a ulimi, bola awerenge mokweza tsiku ndi tsiku ndi kufotokoza m'mawu ake zimene wamva.

Masamu nawo amanyamula anzake. Physics ndi Chemistry, amene kale anali phunziro limodzi la Physical Science, amadalira kuwerengera. Ngakhale Zaulimi zili ndi masamu ake: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi paphando, zimapereka mapesi a chimanga pafupifupi 53,000 pa hekitala. Mwana amene anaphonya kugawa ndi kuchulukitsa ku Fomu 1 amakakamira pa funso lotere ku Fomu 3, ngakhale kuti makolo ake amabzala motero chaka chilichonse. Masamu ali ngati khoma la njerwa; mzere wapansi ukapotoka, kukonza pamwamba n'kutaya matope.

Si zonse zimene zili pa lipoti zimene zimachokera kwa mwana. Sekondale zambiri zoyendera zinayamba ngati malo a maphunziro a MCDE, ndipo boma linazisandutsa ma CDSS mu 1998. Zambiri zinayamba popanda labotale kapena laibulale, ndipo zina zikadali choncho. Pa sukulu yaing'ono mphunzitsi mmodzi amatha kugwira maphunziro awiri kapena atatu m'makalasi onse anayi, lina mwa iwo lisali limene anaphunzira ku koleji. Iyeyo akasamutsidwa, kapena akadwala mwezi wathunthu, phunziro lonse limaima. Njira yodziwira ndi yapafupi: funsani malikisi a kalasi yonse pa phunzirolo. Ngati mwana wanu yekha ndiye wagwa, nkhani ndi ya pakhomo panu ndi mphunzitsi wake. Ngati kalasi yonse yagwera limodzi, nkhani ndi ya sukulu, ndipo kukalipira mwana sikungathandize kanthu.

Apa m'pamene misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi imafunika kusintha kachitidwe. Nthawi yambiri imathera pa ndalama za chitukuko ndi malipiro a alonda. Zimenezo n'zofunika, koma makolo ali ndi ufulu wopempha mphunzitsi wamkulu kuti awerenge zotsatira za JCE ndi MSCE phunziro ndi phunziro, kwa zaka zingapo zapitazo, anyamata paokha atsikana paokha. Kungomva kuti ana ochuluka akhoza sikukwanira, pakuti sukulu ikhoza kutulutsa masatifiketi ambiri a magiredi 7 ndi 8 popanda mwana ndi mmodzi yemwe wofika ku LUANAR, ku KUHeS kapena ku Mzuzu University. Funsaninso kuti ana a Fomu 4 agwirapo kangati zipangizo za sayansi ndi manja awo, popeza MSCE ili ndi mayeso ochita ndi manja pa maphunziro a sayansi. N'zomvetsa chisoni kuti mwana aone botolo loyezera madzi kwa nthawi yoyamba pa tsiku la mayeso.

Kujomba nako kumaoneka pa lipoti, ngakhale sikulembedwa nthawi zonse. Tsiku la msika, nyengo yopalira ndi yokolola, mtsinje ukadzaza, ndiye kuti mwana waphonya mutu wina umene mphunzitsi sadzaubwerezanso. Wochokera kutali amafika phunziro loyamba litatha, ndipo ngati ola loyambalo limakhala la Masamu, mudziwa kale mzere umene udzafiire.

Kutumiza aphunzitsi ku sekondale ndi udindo wa Unduna wa Zamaphunziro kudzera ku ofesi ya chigawo cha maphunziro, osati khonsolo. Komabe chipinda cha labotale, nyumba ya mphunzitsi, mlatho wa pa njira ya ku sukulu kapena malo ogona atsikana zikhoza kulowa m'mapulani a chitukuko ngati zayambira ku VDC, n'kudutsa ku ADC, khansala wa wodi n'kuzifikitsa ku khonsolo. Pempho lobwera ndi zotsatira za mayeso za zaka zitatu, losonyeza kuti Biology ndi Chemistry zikugwa chifukwa chosowa pochitira zoyeserera, limamveka msanga kuposa longonena kuti sukulu yathu ili pamavuto. Makomiti amene akukonza mapulani awo apemphe ziwerengerozo kwa mphunzitsi wamkulu msonkhano usanachitike, ndipo aziphatikize pa kalata yawo yopita ku ADC.