Gogodela M'chisanu: Kodi Wolakwa Ndi Wonga?

Ku United States ndi ku Canada kuli alenje amene mpaka lero amasaka agwape ndi mfuti za gogodela, zothira wonga ndi chipolopolo kudzera kukamwa, zamtundu wa zija zinafika kuno ndi amalonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800. Maboma ambiri kumeneko amapatula masiku osakira ndi mfuti zimenezi zokha. Ku Pennsylvania, nyengo ya mfuti za mwala, zija zoyatsa wonga pokhula mwala pa chitsulo, inakhazikitsidwa mu 1974, ndipo imatsegulidwa Khirisimasi ikangopita, madzi ataundana m'madambo. Mfuti ikaphonya pa nthawi yotere, mlandu umagwera wonga. Kawirikawiri wongawo umangonamiziridwa.

Kodi wonga umafooka ukazizidwa?

Pang'ono chabe. Wonga wakuda umayaka pa madigiri pafupifupi 300 a Celsius, choncho kaya kunja kuli 25 kaya -10, moto wa kapu, kachitsulo koyatsira wonga, uli ndi ntchito yofanana ndithu. Liwiro la chipolopolo limatsikako, koma osati mpaka kuphonya gwape amene waima pa mamita 50. Chimene chimapha wonga ndi chinyontho ndi mafuta.

Chinyontho chichokera kuti, poti kunja kwauma gwa?

Chimachokera m'nyumba. Mlenje wakhala m'thengo tsiku lonse, mpope wa mfuti wazizira, ndiye madzulo akuilowetsa m'chipinda chotentha kapena m'galimoto yoyatsa hita. Chitsulocho chimachita thukuta ngati botolo longotuluka kumene mufiriji, ndipo thukutalo silikhala kunja kokha. Limapangikanso m'kati, mpaka m'kanjira kamene moto umadutsa popita ku wonga. M'mawa mfuti ikabwerera panja, timadontho tija timaundana n'kutseka kanjirako. Mwini wake sakudziwa kanthu, akuyenda ndi ndodo akuyesa mfuti.

Mankhwala ake ndi osavuta: mfuti yozizira izikhala kozizira. Chotsani kapu kapena primer, kapena khuthulani wonga wa m'kambale koyatsira ngati ndi ya mwala, ndipo muitsekere pamalo osatentha pomwe ana sangafike. Mangirirani kansalu kapena kapepala kokumbutsa aliyense kuti muli wonga. Ngati yalowa kale kotentha, musaikhulupirire. Tulutsani zonse, muiumitse, muthire zatsopano. Pali kachipangizo kokankha chipolopolo ndi mpweya wa CO2 kamene kamathandiza kutulutsa popanda kuwomba.

Nanga chipale chofewa chikalowa kukamwa kwa mpope?

Matanipo tepi ya magetsi musananyamuke. Mpweya umene umatsogola chipolopolo umaichotsa, ndipo mfuti siphonya chifukwa cha tepiyo. Choopsa ndi mpope umene watsekeka ndi chipale kapena matope munthu atagwa. Ukawombedwa choncho ukhoza kutupa kapena kung'ambika.

Kapu yalira koma mfuti yangoti zii. Nditani?

Musasunthe. Pitirizani kuloza kumene munaloza kwa mphindi yathunthu, chifukwa moto ukhoza kukhala ukunyeka pang'onopang'ono m'wonga wonyowa, n'kudzaphulika mutatsitsa kale mfuti. Musasuzumire kukamwa kwake. Mphindi ikatha, chotsani kapu yakufayo, tokosani kabowo kolowera moto ndi kawaya, ndipo mutsindirenso chipolopolo, popeza mphamvu ya kapu yokha imatha kuchikankhira kutsogolo. Mukatero ikani kapu ina.

Nthawi zambiri gwero lake ndi mafuta amene munapaka posunga mfuti. Amatsetserekera kumbuyo kwa mpope, ndipo kukazizira amalimba. Musanathire wonga, pukutani m'kati ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, kenako kouma, ndipo muwombe makapu awiri kapena atatu mfuti ili yopanda kanthu. Mukaloza pa tsamba louma kapena pa chipale, muona chikugwedezeka ngati njira ili yotseguka.

Wonga wamakono suposa wakudawu?

Pa utsi ndi mwaye, wina umaposadi. Pa kuyaka, ayi. Pyrodex ndi anzake obwera pambuyo monga Triple Seven ndi Blackhorn 209, onse amafuna moto waukulu kuposa wonga wakuda. Kapu yaing'ono ya nambala 11 imene imayatsa Pyrodex bwinobwino kukatentha ndi imene imayamba kuchedwa kukazizira, makamaka ngati m'kanjira muli kachinyontho. Blackhorn 209 anapangidwira mfuti zogwiritsa ntchito primer ya 209. Mfuti ya mwala nayo imafuna wonga wakuda weniweni: FFg kapena FFFg mumpope, ndi wosalala kwambiri wa FFFFg m'kambale, ngakhale ena kukachita chinyezi amathira FFFg momwemo poti sukoka madzi msanga.

Wonga wopanda utsi wa mfuti zamakono usayandikire n'komwe gogodela wamba. Umaphulitsa mpope.

Ndinalinganiza mfuti kuli kotentha. Bwanji tsopano ikumenya m'munsi?

Mpweya wozizira ndi wolemera. Pa -10 umalemera ndi pafupifupi 13 peresenti kuposa pa 25, ndipo chipolopolo chozungulira cha mtovu, chimene chimataya liwiro msanga ndi kale, chimaumva kwambiri. Pafupi simuona kusiyana, koma kupitirira mamita 100 kumaonekera. Thabwa la mfuti nalo limafota mpweya ukauma, ndiye kagwiridwe kake ka mpope kamasintha. Pitani ku chandamale tsiku lozizira, mfuti ndi wonga zitakhalitsa panja, osati zongotuluka m'galimoto yofunda.

Ndiye ndingowonjezera wonga?

Ayi. Musapyole mlingo umene wopanga mfuti analemba, ndipo kumbukirani kuti wonga umenewu umayezedwa ndi kachikho koyezera, osati kuthira mongoyerekeza kuchokera m'botolo. Triple Seven waufa ndi wamphamvu kuposa wakuda, moti opanga ake amati muchepetse ndi 15 peresenti kuti mufanane nawo. Wonga wochuluka umawotcha kansalu kokutira chipolopolo, ndipo zipolopolo zimamwazika m'malo mowunjikana.

Kansaluko kali ndi mbali yanji?

Yaikulu, ndipo ndi kamene alenje ambiri amakaiwala. Pa chandamale anthu amakanyowetsa ndi malovu, zomwe zimagwira ntchito ngati muwomba nthawi yomweyo. M'thengo malovu amaundana, kapena amanyowetsa wonga ndi kusiya dzimbiri pomwe pakhala chipolopolo. Mafuta okhala ndi phula lambiri nawo amauma gwa. Ofunika ndi amene amakhalabe ofewa kukazizira, monga mafuta a mink. Kuwayesa n'kosavuta: goneketsani tinsalu topaka kale mufiriza, m'mawa mutipinde ndi zala.

Mukawomba, tolani kansaluko, kamagwera mamita ochepa kutsogolo. Kakakhala kathunthu, kongodera pakati, zili bwino. Kakang'ambika kapena kupsa, ndiye kuti n'kopyapyala, mafuta achepa, kapena wonga wachuluka.

Chipolopolo chachiwiri chikukana kulowa. Chifukwa chiyani?

Wonga wakuda ukapsa, zoposa theka zimatsala ngati utsi ndi mwaye, ndipo mumpweya wouma mwayewo umakhala nkhokho. Kachikho ka pulasitiki kokutira chipolopolo kotchedwa sabot nako kamalimba kakazizidwa. Pukutani mpope nthawi iliyonse mukawomba, ndi spiriti osati madzi, ndipo ma sabot muwasunge m'thumba la m'kati mwa jekete.

Chipolopolo chifike ndithu pa wonga. Chikaima panjira n'kusiya mpata, mpope ukhoza kuphulika. Lembani mzere pa ndodo yotsindira pomwe imalekezera mfuti ikathiridwa bwino, ndipo muziuyang'ana nthawi zonse, makamaka zala zikachita dzanzi.

Bwanji chipolopolo choyamba chimapita kwachokha?

Chimatuluka mumpope woyera, zinzake mumpope wamwaye. Gwape adzakumana ndi choyambacho, choncho linganizani mfuti potengera icho.

Mfuti ya mwala ikuchedwa kulira. Mwala watha?

Mwina, koma yambani mwayang'ana mafuta a m'makina ake. Akalimba, mwala umakhula chitsulo mwaulesi ndipo timoto timachepa. Tsukani, mupake ochepetsetsa. Musadzaze kambale mpaka kukwirira kabowo, chifukwa moto umayamba wadya wonsewo usanalowe. Wonga wa m'kambale muziusintha pafupipafupi, ndipo posuzumira musapumirepo.

Zonsezi ndachita, koma ndikuphonyabe.

Ndiye kwatsala mwini mfuti. Jekete lochindikala limakankhira mfuti kutsogolo, tsaya silikhalanso pamalo ake akale, ndipo diso limaona mosiyana. Chala chovala golovesi yokhuthala chimakoka mwadzidzidzi. Munthu amene wakhala phee maola atatu m'chisanu amanjenjemera, ndipo gogodela, makamaka ya mwala, imafuna kuti muigwirebe chilili kambale kakang'anima mpaka chipolopolo chitatuluka. Yesererani mutavala zomwe mudzavale kosaka, dulani golovesi pa chala chowombera, ndipo pezani mtengo kapena ndodo yotsamiritsapo mfuti.