Mwana Womaliza Masamu Msanga

Ana anga, inu amene mwangotuluka kumene ku koleji ya aphunzitsi ya Phalombe, tamverani zimene zinandichitikira ine amene ndinagwira choko zaka zambiri kuno pakati pa mapiri a Michesi ndi Mulanje.

Pali mtsikana wina wa sitandade 6 amene mpaka lero amandisowetsa tulo. Ndikalemba masamu pa bolodi, ndisanasase n'komwe choko m'manja, iye amakhala atamaliza kale. Akatero ankayamba kucheza, kugwedeza anzake, kufunsa mafunso amene munalibe m'buku la mphunzitsi. Tsiku lina anandiuza pamaso pa kalasi yonse kuti ndaphonya pogawa. Ankanena zoona. Ine ndinamupatsa chikwakwa kuti akatchetche kuseri kwa ofesi. Kuyambira tsiku limenelo sanakwezenso dzanja, ndipo ine ndinkati ndamuwongola. Asanalembe mayeso a sitandade 8 anakwatiwa.

Mwana wotere timafulumira kumutcha wamwano, pamene iye wangotopa ndi kudikira. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi amathera mphamvu pa otsalira. Wothamanga uja timamusandutsa wolemba mayina a olongolola, anzake n'kumuda. Mwinanso timamuwonjezera masamu 20 ofanana ndi amene wamaliza kale, zimene kwa iye ndi chilango. Mpatseni funso limodzi lokha, lovuta, lochokera m'buku la kalasi yakutsogolo, alimbane nalo sabata yonse. Akakufunsani chimene simukuchidziwa, vomerani, ndipo mukachifufuze limodzi. Ulemu wanu suchepa pamenepo.

Koposa zonse, mubwerekeni buku apite nalo kwawo. Ndikudziwa kuti mabuku ndi osowa, makamaka chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Komabe buku lotsekeredwa m'kabati kuopa kuti ling'ambika silithandiza munthu. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sekondale chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, koma ali ndi zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, atawona chithunzi m'buku la mu laibulale yaing'ono. Anthu ankamunena kuti wachita misala. Mu 2014 anamaliza maphunziro ku Dartmouth College, ku America. Amene anamulola kubwereka bukulo anachita ntchito yaikulu kuposa ine ndi chikwakwa changa.

Ndipo musaiwale kuti mphatso sizikhala m'masamu mokha. Kamnyamata kopanga galimoto ya mawaya yokhota mawilo, kapena kamene kamamasula wailesi ya bambo ake n'kuibwezeretsa ikulira, nakonso n'koyenera kukayang'anitsitsa. Muzikauza kuti yunivesite ya MUST ili pa Ndata pomwepa ku Thyolo.

Ntchito yovuta kwenikweni ili kumudzi. Mwana wamutu ndi yemweyo amene makolo amamutuma kukagulitsa zitumbuwa pa Migowi chifukwa salakwitsa chenji, ndi yemweyo amajomba nyengo yothyola nandolo. Ena amamusenzetsa katundu wa banja lonse, kumuuza tsiku ndi tsiku kuti adzawachotsa mu umphawi, mpaka mwana kuyamba kuopa mayeso. Pitani mukakhale nawo pamkeka. Kuno kwathu mawu a malume, mwinimbumba, amalemera, choncho muwaitanenso akhalepo. Kambiranani za ndalama zofunika ku sekondale nandolo asanagulitsidwe, osadikira kuti zotsatira za MANEB zituluke, dzina la mwana lili pa mndandanda wa osankhidwa koma ndalama zitatha kale.

Kwawo kwa mtsikana uja kunali kufupi, ulendo wosakwana ola limodzi wapansi. Ndinamva mphekesera za ukwati wake mwezi wathunthu usanachitike, ndipo sindinapiteko.