Makilipu Omangira Matimati: Mbewu Iime Chilili, Koma Musainyonge

Alimi a matimati ku Tsangano, Lizulu, Bembeke, Jenda ndi m'madimba ena m'dziko muno akudziwa kale kuti mbewu yogona pansi ilibe phindu. Zipatso zikakhudza dothi zimaola, matope odumphira pamasamba pothirira amafalitsa chiwawu, ndipo mankhwala opopera salowa mkati mwa mbewu yowirirana. Nkhani yozika mitengo si yachilendo ayi. Pamene pakuvuta ndi pomangirira mbewu kumtengowo, ndipo kapepala aka kakufotokoza za kachipangizo kakang'ono kamene kangachepetse vutoli: kilipu.

Kilipu n'chiyani?

Ndi kamkombero kapulasitiki kotseguka ndi kutsekeka. Kumsana kwake, polumikizana mbali ziwirizo, kuli timano timene timaluma chingwe. Kutsogolo kuli kotsekera kamene kamalira kuti "tha!" mukakadina. Makilipu a matimati amakhala ndi bowo la masentimita awiri kapena awiri ndi theka, lokwanira thunthu la mbewu yokhwima. Amagwiranso ntchito pa nkhaka ndi tsabola wamkulu wobiriwira. Alipo ena okhala ndi sipuling'i ngati zopanira zovala, omangira mbewu kunsungwi yopyapyala, koma pano tikunena makamaka za a pachingwe.

Mfundo yake ndi imodzi: kilipu imaluma chingwe, siluma mbewu. Mbewu imangokhala mkati mwa mkombero, ili ndi malo onenepera.

Ndi matimati ati ofunika makilipu?

Mitundu yotalika, imene imapitirira kukula ndi kubereka kwa miyezi ingapo monga Money Maker ndi mitundu yambiri ya haibulidi yolimidwa m'mashedi apulasitiki, ndiyo imapindula kwambiri. Mitundu yaifupi yochita chitsamba monga Roma VF imangofuna mtengo umodzi wamfupi ndi zomangira zowerengeka. Werengani papaketi yambewu kapena funsani wogulitsa musanawononge ndalama.

Kukonza zochirikizira

1. Zikani nsanamira zolimba kumapeto kwa mzere ndi zina pakati, motalikirana mamita atatu kapena anayi. Pamwamba pa dothi zitalike mamita awiri. Zakumapeto zilowe pansi kwambiri ndipo muzichirikize, chifukwa ndizo zimasenza katundu yense.
2. Kokani waya pamwamba pa nsanamira, akhale wokungika.
3. Pambewu iliyonse tsitsani chingwe chimodzi cha twaini kuchokera pawaya mpaka pansi. Chikhale chochindikala ndithu kuti timano ta kilipu tipeze poluma.
4. Kunsi, mangani chingwe pakachikhomo kozikidwa pambali pa mbewu, kapena chigwiritseni ndi kilipu yoyamba. Musamange chingwe patsinde la mbewu.

Chitani zonsezi pasanathe masabata awiri chiwokereni. Mmera mpoyamba: mukazika mitengo mbewu itakula mumadula mizu, ndipo podzutsa mbewu yogona mumathyola nthambi.

Kuika kilipu

Tsegulani kilipu, lowetsani chingwe kumsana pakati pa timano, kenaka zungulizani mkombero pathunthu n'kutseka. Iikeni pansi penipeni pa tsamba lolimba, kuti mbewu ikalemera phesi la tsambalo litsamire pamkombero. Yoyamba ikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchoka pansi, zotsatira zitalikirane masentimita 30. Kunsonga siyani masentimita 20 mpaka 25 osamanga, popeza pamenepo mpanthete. Yenderani munda kamodzi pasabata, muziwonjezera kilipu nthawi yomweyo imene mukuchotsa mphukira zotuluka m'khwapa mwa masamba.

Ntchito yake imathamanga modabwitsa. Pamene womanga ndi luzi akudula, kupota ndi kumanga mfundo pambewu imodzi, wa makilipu amakhala atadutsa mbewu zingapo. Mzere umaima mowongoka, mphepo ikupita pakati, matsango akulendewera poyera, wothyola akuwona chipatso chilichonse osagwada. Amene waona munda wotere safunanso kubwerera kwakale.

CHENJEZO LALIKULU: MUSAMANGE MOTHINA

Apa ndiye pagona nkhani. Cholakwika chimene chikupezeka m'minda yambiri, ya alimi atsopano ndi akale omwe, ndicho kumanga mbewu mothina, ngati kuti ithawa. Ena akumanga ndi malegeni, ena ndi ulusi wosomola m'matumba a feteleza, ena ndi waya wa m'matayala, ena mpaka kung'amba neti imene analandira kuti ateteze ana ku malungo. Amakunga mfundo mpaka thunthu litakanirira kumtengo, n'kumapita kunyumba ali okhutira kuti mbewu yalimba.

Akuiwala kuti thunthu limene lero lili ngati pensulo, pakatha mwezi ndi theka lidzafika kukula kwa chala chachikulu. Chingwe sichikula. Zili ngati chibangili chimene mwana anavekedwa ali wakhanda n'kuiwala kuchivula: mkono ukunenepa, icho chikulowa m'mnofu.

Pitani mukaone nokha m'munda mwanu. Gwadani pambewu imene munamanga mwezi watha ndipo mumasule mfundo. Ngati munathinitsa, mupeza ngalande yozungulira thunthu lonse, yabulauni, nthawi zina ulusi utamira osaonekanso. Pamwamba pa ngalandeyo thunthu latupa, pena likutulutsa timizu toyera. Pansi pake n'loonda. Kutupako ndi chakudya chimene masamba apanga, chikufuna kutsikira kumizu koma njira yatsekedwa. Njira ya chakudya imeneyi ili pafupi ndi khungu la thunthu, choncho ndiyo imayamba kuphwanyika. Mizu ikamanidwa chakudya imaleka kukula ndipo imalephera kukoka madzi okwanira. Chingwe chikalowa mozama chimafinyanso njira ya madzi okwera kumasamba.

Zotsatira zake ndi izi:

Mbewu imafota masana ngakhale mwathirira m'mawa. Maluwa amayoyoka. Zipatso zimakhala zazing'ono, za mulu wotchipa. Bala la pangalande limakhala khomo la matenda oola thunthu. Ndipo mphepo ya mwera ikaomba mu June kapena July, mbewu ili ndi katundu, imathyoka pamfundo pomwepo, matsango onse akumwamba n'kugwa ali aawisi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mlimi akaona kufotako amathamangira kusitolo kukagula mankhwala, poganiza kuti ndi matenda ofotetsa. Amapopera kawiri, katatu, amaonjezera feteleza, mwina kunena kuti mbewu anamugulitsa yachinyengo. Palibe mankhwala amene angatsegule thunthu lonyongedwa. Musanagule botolo lililonse, yang'anani kaye pamene munamanga.

Musaganize kuti mukagula makilipu ndiye kuti vutoli latha lokha. Kilipu nayonso imanyonga ikagwiritsidwa ntchito molakwika, ndipo izi zikuchitika kale:

Ena akugula makilipu ang'onoang'ono, a maluwa a m'miphika, chifukwa ndi otsika mtengo. Bowo lake limadzaza mbewu isanayambe n'komwe kubereka.

Ena akulowetsa zinthu zitatu m'mkombero umodzi: thunthu, nsungwi ndi nthambi. Malo amene anasiyidwira kunenepa kwa mbewu atha pomwepo.

Ena potseka akupana khungu la thunthu kapena phesi la tsamba pakotsekera. Mukamva kuti kilipu ikukana kutsekeka, musaikakamize. Tsegulani muone chimene chapanika.

Ena akuzunguliza chingwe pathunthu kenaka n'kutsekerapo kilipu pamwamba, ati kuti zilimbe. Pamenepo mwanyonga kawiri.

Ena akuika kilipu pansi pa tsango la maluwa m'malo moika pansi pa tsamba. Mbewu ikatsika ndi kulemera, mkombero umakhadzula tsango lonse.

Muyeso wake ndi wosavuta ndipo sufuna sukulu. Mukatseka kilipu, igwedezeni ndi chala. Izizungulira momasuka pathunthu, koma isatsetsereke pachingwe. Ikakhala kuti yakanirira pathunthu, yathina: ichotseni. Ikakhala kuti ikutsetsereka pachingwe, timano sitinalume: tsegulani muikenso. Sabata iliyonse yambani ndi makilipu akunsi, chifukwa kumeneko ndi kumene thunthu limanenepa kwambiri. Imene yadzaza isunthireni kumwamba kapena muichotse ndithu. Akumwambawo agwira mbewu.

Ngati mumalemba aganyu, musangowapatsa thumba la makilipu n'kuchokapo. Waganyu wolipidwa pamzere amathamanga, ndipo wothamanga ndiye amapana. Mangani naye limodzi mbewu khumi zoyamba, ndipo madzulo muyendere mzere wonse. Chimodzimodzi ana amene amathandiza akaweruka kusukulu: aonetseni muyeso wa chala uja.

Kwa amene mulibe makilipu

Lamulo ndi lomwelo. Gwiritsani ntchito luzi lofewa, khonje, makoko ouma a nthochi oviika m'madzi kapena nsanza zong'amba motambalala. Mangani mfundo yolimba kumtengo, osati kumbewu, ndipo chingwe chipingasane pakati pa mtengo ndi thunthu ngati nambala 8. Pakhale mpata woti chala chilowe. Waya, malegeni ndi ulusi wa m'matumba zichoke m'munda wa matimati. Neti ibwerere pamphasa pamene ana amagona.

Ukhondo

Makilipu amanyamula matenda kuchoka munda wina kupita wina. Mukamaliza kukolola, achotseni onse, atsukeni ndi sopo, kenaka aviikeni kwa mphindi 30 m'madzi osakaniza ndi Jik, muyeso umodzi wa Jik ku miyeso isanu ndi inayi ya madzi. Atsukuluzeni, aumitseni, asungeni m'ndowa yovundikira. Twaini wakale wa m'munda momwe munali matenda musamugwiritsenso ntchito. Musamange kapena kuchotsa mphukira masamba ali ndi mame, dikirani dzuwa liume. Osuta ndi ofwenkha fodya asambe m'manja ndi sopo asanagwire mbewu, chifukwa kachilombo ka matenda a mawangamawanga a fodya kamagwiranso matimati.

Chizolowezi chozula mbewu pamodzi ndi zomangira zake n'kuunjika pamphepete mwa dimba si chabwino. Makilipu otayika ndi ndalama zotayika, ndipo pulasitiki saola m'nthaka. Osweka musawawotche kapena kuwataya mumtsinje.

Nanga mtengo wake?

Mitengo imasiyana sitolo ndi sitolo ndipo imasintha ndi mphamvu ya kwacha, popeza ambiri amachokera kunja. Sapezeka m'misika yonse. Yambani kufunsa m'masitolo a zipangizo zaulimi ndi ogulitsa zipangizo za mashedi ndi za mthirira m'mizinda. Kuwerengetsera kwake n'kotere: mbewu yotalika imafuna makilipu asanu kapena asanu ndi imodzi, ndiye kuti mbewu 500 zingafune pafupifupi makilipu 3,000. Onjezanipo waya, twaini ndi nsanamira. Chaka choyamba ndalama yolowa imaposa ya luzi, n'zoona. Koma makilipu abwino, osungidwa pamthunzi, angathe kugwira ntchito nyengo zingapo, ngakhale kuti otchipa ena amauma ndi dzuwa n'kumathetheka msanga. Musanagule ambiri, tengani imodzi muitsegule ndi kuitseka kangapo: ikayera kumsana kapena kusweka, isiyeni.

Phindu lingadalire mtundu wa mbewu, msika ndi kasamalidwe kanu. Kwa mlimi wa mbewu zochepa za ndiwo zapakhomo, luzi lomangidwa bwino n'lokwanira. Kwa wolima mitundu yotalika yogulitsa, makamaka nthawi ya dzinja pamene matimati amasowa ndipo mtengo umakwera, makilipu ndi oyenera kuwaganizira mozama. Makalabu ndi makopaletivu angagule limodzi katoni yaikulu n'kugawana. Yesani kaye mizere iwiri, muyerekeze ndi mizere ya luzi, munda ukuuzani wokha.

Palinso phindu lina limene sitiliwerengera. Njira ya mtengo umodzi pambewu iliyonse yadyetsa timitengo tambirimbiri ta m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, ndipo chaka chilichonse anthu akupita patali kukadula. Njira ya waya ndi chingwe imafuna nsanamira zowerengeka pamzere. Bzalani nsungwi kapena gilisidiya m'malire a munda wanu kuti nsanamirazo muzizipeza pakhomo, mitengo yachilengedwe ipume.

Kumbukirani

Zikani zochirikizira pasanathe masabata awiri chiwokereni. Kilipu ilume chingwe, isalume mbewu. Iikeni pansi pa tsamba, osati pansi pa maluwa. Igwedezeni ndi chala mukatseka. Yenderani zomangira zonse sabata iliyonse.

Alimi anzathu, mwavutika kufesa nazale, kuwokera, kutunga madzi ndi kugula feteleza wokwera mtengo. Musalole kuti thukuta lonseli lithere pamfundo imodzi yothina. Lero lomwe lowani m'munda, mumasule mbewu iliyonse yonyongedwa, ndipo pamene simukumvetsa funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu kuti adzakuonetseni m'munda momwemo.