Masewera a Yoga: Nanga Ngati Thupi Silikulola Kuthamanga?

Pafupifupi kalabu iliyonse ya achinyamata ili ndi tsiku la masewera. Ena amathamangira mpira wamiyendo, ena wamanja, ndipo fumbi limangoti koboo. Koma tikayang'ana pansi pa mtengo timapeza anzathu ena atangokhala, akusunga nsapato ndi mafoni a osewerawo. Wina amayendera ndodo, wina ali ndi mphumu, wina mapazi ake amachita dzanzi, ndipo wina thupi lakula moti akathamanga pang'ono mawondo amawawa, mpweya n'kumuthera. Phunziro la mwezi uno ndi la anzathu amenewa, komanso la tonsefe amene timawasiya pamenepo sabata ndi sabata.

Kodi yoga n'chiyani?

Yoga ndi masewera ochokera ku India. Mawuwa ndi a chinenero chakale cha Sanskrit ndipo akuchokera ku liwu lotanthauza kumanga pamodzi, monga momwe goli limamangira ng'ombe ziwiri kuti zikoke ngolo imodzi. Zimene zimamangidwa pamodzi apa ndi thupi, mpweya ndi maganizo. Munthu amaika thupi lake mwanjira inayake, n'kukhala choncho kwa kanthawi uku akupuma mofatsa, kenako n'kusintha. Pa yoga yofatsa imene tikukamba pano palibe kulumpha, palibenso wopambana. Mu Disembala 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 Juni kukhala tsiku la yoga padziko lonse, ndipo tsikuli linakumbukiridwa koyamba mu 2015.

Tisabise: ku India masewerawa anakulira limodzi ndi zipembedzo za kumeneko, makamaka Chihindu, ndipo makolo ena ndi atsogoleri ena a mipingo ndi mizikiti amawakayikira pa chifukwa chimenechi. Zimene tikuphunzitsa pano ndi kuwongola thupi ndi kupuma bwino basi, popanda mapemphero aliwonse. Amene akukayika afunse kaye kwa omutsogolera ndipo asakakamizidwe.

Ambiri tikaona zithunzi za yoga pa intaneti, munthu atakoleka miyendo kuseri kwa khosi, timati izi si za ife. Koma mverani mbiri ya mmodzi mwa aphunzitsi otchuka kwambiri a masewerawa, B.K.S. Iyengar. Iye anabadwa mu 1918 m'mudzi wa Bellur kum'mwera kwa India, ndipo ali mwana anadwala malungo, chifuwa chachikulu cha TB ndi taifodi, matenda amene ifenso timawadziwa bwino. Mu 1934 mlamu wake, Krishnamacharya, anamutengera ku Mysore kukamuphunzitsa yoga kuti mwina thupi lingalimbe. Atayamba kuphunzitsa yekha mumzinda wa Pune, kunkabwera anthu odwala, okalamba ndi ovulala amene sankatha kuchita zimene athanzi ankachita. Iyengar ankawathandiza ndi mipando, malamba, mabulangete ndi timatabwa tonga njerwa. Dzanja likakanika kufika pansi, ankaika tabwa kuti pansipo pakwere. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95.

Mfundo imeneyi ndiyo mutu wa phunziro lathu. Masewerawa timawasintha kuti agwirizane ndi thupi limene tili nalo lero. Chitenje chimagwira ntchito ya lamba, njerwa yokutira m'nsalu ilowa m'malo mwa tabwa lija, ndipo mkeka ndi benchi tili nazo kale.

Kumene nkhaniyi ikukumana ndi HIV

Pali zifukwa ziwiri zimene zachititsa kuti tilembe za yoga m'nyuzi ino. Choyamba ndi mapazi. Pamene mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'Malawi mu 2004, mumtundu woyambawo munali mankhwala otchedwa stavudine, amene kwa anthu ambiri ankawononga mitsempha ya m'mapazi. Mankhwalawa anayamba kuchotsedwa mu 2011 ndipo sakuperekedwanso, koma ena amene anawamwa ali ana adakali ndi dzanzi kapena kutentha kumapazi mpaka pano. Kachilombo ka HIV pakokha, matenda a shuga, komanso mankhwala a TB otchedwa isoniazid angabweretsenso vuto lomweli, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka vitamini B6 limodzi ndi isoniazid. Munthu wa mapazi adzanzi sachedwa kugwa, ndipo mpira umamuopsa.

Chachiwiri ndi kunenepa. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri kuno anasinthidwira ku ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene amafooketsa kachilombo mwamsanga ndipo savutitsa kwambiri. M'chaka chomwecho kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira ku Johannesburg, anaonetsa kuti omwa dolutegravir ankawonjezera sikelo kuposa omwa efavirenz, makamaka akazi. Mbali ina ya kunenepako ndi thupi limene likubwerera m'chimake pambuyo pa kudwala, ndipo imeneyo ndi nkhani yabwino. Choopsa n'chakuti mtsikana akaona kuti siketi yayamba kuthina angaganize zodumphitsa mankhwala. Tikunenetsa: musasiye kapena kudumphitsa ma ARV chifukwa cha sikelo. Kachilombo kamachulukananso ndipo kangafike posamva mankhwala. Pitani mukakambirane ndi achipatala amene amakupatsani mankhwalawo, akuyezeni BP ndi shuga, ndipo muwauze kuti mukufuna kuyamba masewera.

Kodi yoga imaondetsa?

Apa tiyenera kunena zoona, chifukwa otsatsa malonda sanena. Yoga yofatsa payokha sichepetsa thupi kwenikweni. Munthu wolemera makilogalamu 70 akachita masewerawa kwa mphindi 30 amagwiritsa ntchito makalori osakwana 100. Botolo limodzi la 300 ml la zakumwa zoziziritsa kukhosi lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8, omwe ndi makalori opitirira 120. Ndiye amene watuluka thukuta pamkeka kwa theka la ola n'kukadzithokoza ndi botolo limodzi ndi mandasi awiri, wabweza zonse ndi chiwongoladzanja chomwe.

Nanga phindu lake lili pati? Yoga imalimbitsa minofu ya m'ntchafu, m'mimba ndi kumsana, imafewetsa molumikizana mafupa, ndipo imaphunzitsa thupi kuima osadzandira. Ambiri amagonanso bwino ndipo nkhawa imachepa, ndipo tikudziwa kuti munthu wosagona ndi wankhawa sachedwa kutola zodyaidya. Thupi likafika pamenepo, kuyenda ndawala kwa mphindi 20 kapena 30 kumatheka, ndipo kuyendako pamodzi ndi kadyedwe ndi zimene zimatsitsa sikelo. Pa kadyedwe sitikunena zogona ndi njala. Tichepetse shuga wa mu tiyi, chipisi cha pachiwaya ndi zokazinga zina, tichotseko mtanda umodzi wa nsima, ndipo m'mbale muchuluke ndiwo zamasamba, nyemba ndi usipa. Kutsika ndi theka la kilogalamu pa sabata n'kokwanira. Munthu wamkulu wonenepa akangotsitsa makilogalamu 5 pa 100 alionse a thupi lake, BP ndi shuga zimayamba kusintha.

Si aliyense ayenera kuonda. Woyembekezera, amene akulandira mankhwala a TB, ndi amene thupi lake ndi lochepa kale achite masewerawa kuti alimbe, osachepetsa chakudya. Osakwana zaka 18 akukulabe, ndipo asayambe kudzimana chakudya popanda malangizo a kuchipatala. Njira yosavuta yodziyezera ndi ya chingwe: dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pawiri, ndipo muzungulize pamimba chapamchombo. Chikakanika kukumana, mafuta apamimba achuluka. Koma ngati mukuonda musakufuna, makamaka pamodzi ndi kutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku, thamangirani kuchipatala.

Palinso vuto la pakamwa pathu. Kwathu kuno kunenepa ena amakuona ngati chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo kuyambira pamene Edzi inavuta, munthu akangoonda manong'onong'o amayamba. Zotsatira zake n'zakuti ena amaopa kuchepetsa thupi ngakhale mawondo akuwawa, poopa kulozedwa chala. M'kalabu mwathu thupi la munthu lisakhale nkhani ya nthabwala, kaya lakula kaya lachepa.

Tisanayambe

Amene ali ndi BP yokwera, vuto la mtima, matenda a maso otchedwa glaucoma, kapena wachitidwa opaleshoni posachedwa, afunse kaye kuchipatala, ndipo apewe masewera oweramitsa mutu kutsika kuposa chifuwa. Woyembekezera asagone chafufumimba kapena kupotoza mimba. Wa mphumu akhale ndi mankhwala ake pafupi ndipo malo asakhale afumbi. Wa mapazi adzanzi asese bwino pamalopo, chifukwa minga kapena kamwala angaponde osamva, ndipo akamaliza ayang'ane mapazi ngati pali bala.

Tidikire maola awiri tikadya nsima. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye minofu imakhala youma, choncho tiyambe ndi kuyendayenda kapena kugwedeza manja kwa mphindi zingapo. Lamulo lalikulu ndi losiyanitsa kukoka ndi ululu. Kumva minofu ikukoka pang'ono n'kwabwino. Ululu wobaya, wa m'bondo kapena wotsika ndi mwendo, chizungulire, kapena kupweteka pachifuwa, zikutanthauza kuti tileke pomwepo.

Mphindi 15 zoyambira

Tikhale pampando wolimba wosagwedera, kapena pabenchi yotsamira khoma, mapazi onse ali pansi. Mapazi akapanda kufika, tiike njerwa. Wa panjinga ya olumala amange mabuleki n'kuchitira pomwepo. Tiwongole msana ngati tasenza ndowa ya madzi, tiike dzanja pamimba, ndipo tikoke mpweya ndi mphuno mpaka dzanjalo litukuke, kenako titulutse pang'onopang'ono. Tichite kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Chichewa chathu chinatchula bwino: liwu loti kupuma limanena za mpweya komanso za kuleka ntchito, ndipo pa yoga zonse ziwiri zimafunika. Nthawi iliyonse imene tazindikira kuti tabanika mpweya, ndiye kuti tadzikakamiza mopitirira.

Kenako tizunguze mapewa chakumbuyo kasanu, ndi kupendeketsa mutu kumanja ndi kumanzere mofatsa, osauzunguza. Tiike manja pamawondo. Pokoka mpweya titulutse chifuwa kutsogolo, potulutsa tipinde msana ngati mphaka wodzidzimuka, chibwano chiyandikire chifuwa. Masewera amenewa amatchedwa mphaka ndi ng'ombe, ndipo amathandiza msana wa amene amakhala nthawi yaitali pampando kapena pamakina osokera. Tikatero tikweze dzanja limodzi n'kupendekera mbali ina kuti nthiti zitambasuke, tipume katatu, tisinthe. Dzanja likakana kukwera, likhale paphewa.

Tsopano chitenje chija. Tichipinde m'litali, tichikolowetse kuphazi limodzi, tigwire nsonga zonse ziwiri, ndipo tiwongole mwendowo kutsogolo mpaka timve kukoka kuseri kwa ntchafu ndi m'katumba. Msana usapindike. Tikhale choncho tikupuma kasanu, uku tikugwedeza zala zakuphazi, kenako mwendo winawo. Amene mwendo wake suyenda angaunyamule ndi chitenjecho mofatsa kwambiri, osaukoka mwamphamvu, popeza mwendo wosamva sungamuchenjeze.

Otha kuimirira achite chinthu chooneka chopepuka koma cholemetsa ntchafu: kudzuka pampando pang'onopang'ono ndi kukhalanso osadzigwetsa, kasanu. Poyamba manja angathandize. Akatero aime pafupi ndi khoma, dzanja limodzi lili pakhomapo, n'kutukula chidendene chimodzi kuchitsamiritsa pakakolo wa mwendo winawo, zala zili pansi. Uku ndiko kuima ngati mtengo, ndipo ndi masewera amene wa mapazi adzanzi amapindula nawo kwambiri, malinga asachoke pakhoma. Otsala pampando akankhe mapazi kapena zikhato pansi mwamphamvu kwa mphindi zochepa n'kumasula, kuti minofu igwire ntchito.

Timalize ndi kugona chagada pamkeka, mtsamiro uli pansi pa mawondo, kapena kutsamira pampando, maso ali otseka, kwa mphindi zitatu. Amwenye amatcha kagonedwe aka ndi dzina lotanthauza mtembo, koma ife tingoti kupuma. Podzuka tiyambe tatembenukira kumbali kuti chizungulire chisatigwire.

Katatu pa sabata n'kokwanira poyamba, ndipo pakatha masabata awiri tingawonjezere mphindi 5. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO a mu 2020 amati a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi pafupifupi mphindi 60 patsiku, ndipo akuluakulu mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Malangizowa amatchulanso anthu aulumali ndi amene ali ndi HIV, ndipo amalimbikitsa kuyamba ndi zochepa n'kumawonjezera. Mphindi 45 pa sabata zili kutali ndi 150, inde, koma pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo kuyenda kopita kusukulu kapena kumsika kumawerengedwa nawo.

Zochita pamsonkhano wotsatira

Aliyense abwere ndi chitenje, ndipo atsogoleri ayese mabenchi ngati ali olimba. Tonse tiyambire pampando, ngakhale akatswiri a mpira omwe, kuti pasaoneke gulu la odwala ndi gulu la athanzi. Wotsogolera asafunse munthu chifukwa chimene sakuimirira kapena mankhwala amene amamwa, ndipo asakankhe kapena kukoka thupi la wina pofuna kumuthandiza kufika patali. Tikamaliza tikambirane m'magulu a anthu anayi kapena asanu: ndi mawu ati amene timamva m'dera lathu onena za munthu wonenepa kapena woonda, nanga tingamuyankhe bwanji mnzathu amene watiuza mwachinsinsi kuti akufuna kusiya ma ARV chifukwa zovala zayamba kumuthina?