Ndodo ya nambala 15

Lamlungu pa 22 July 2001, Ian Woosnam wa ku Wales anafika pa bwalo la gofu la Royal Lytham & St Annes ku England akutsogola mpikisano wa The Open limodzi ndi anzake atatu. Anali ndi zaka 43, ndipo panali patadutsa zaka khumi chipambanireni Masters ya 1991. Dzenje loyamba pabwaloli ndi lalifupi, la par 3. Anamenya kamodzi, mpira n'kukaima m'mphepete mwenimweni mwa dzenje. Kachiwiri unalowa, n'kupeza birdie. Chiyambi chokoma kuposa pamenepo ndiye chiti?

Asanayambe dzenje lachiwiri, caddie wake anamuuza kuti m'chikwama munali ma driver awiri. Ndodo zonse zinali 15, pomwe lamulo limalola 14 basi. Anamuwonjezera mashoti awiri ngati chilango, birdie ija n'kusanduka bogey. Woosnam anasolola ndodoyo n'kuiponya m'udzu, mtima uli m'mwamba. Chikho anatenga David Duval ndi mashoti 274. Niclas Fasth anamaliza ndi 277, Woosnam 278. Chotsanipo awiri a chilango aja, muona kuti malo achiwiri anali ake yekha.

Anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira kudzudzula caddie. N'zoona, kuwerenga ndodo inali ntchito yake, ndipo patangotha masabata awiri anachotsedwa ntchito atagonereza pa mpikisano wina ku Sweden. Koma dzifunseni: driver yachiwiriyo inalowa bwanji m'chikwama? Sinagwe kuchokera kumwamba. Woosnam mwiniwake ndiye ankayesa ma driver awiri pamalo okonzekera, masewera atatsala pang'ono kuyamba. Tsiku lomaliza la mpikisano wakale kwambiri pa mipikisano ikuluikulu ya gofu, munthu amene anali atasewera moyo wake wonse anali akuyerekezabe ndodo iyi ndi iyo. Cholakwa chinayambira pamenepo, caddie anangochimalizitsa.

Chinachibisa ndi bwalo. Mabwalo ambiri amayamba ndi dzenje lalitali, lofuna driver. Kukanakhala kotero, dzanja likanapita pa ndodoyo mpira usanamenyedwe, akanaona kuti zilipo ziwiri, imodzi n'kuichotsa popanda chilango chilichonse. Ku Lytham driver inakhala phee m'chikwama mpaka nthawi yokonza zinthu itadutsa. Malamulo a gofu sasamala kuti wanyamula chikwama ndani. Caddie akalakwitsa, chilango chimagwera wosewera.

Mwina mukuti izi ndi za akatswiri a pa TV. Tsegulani chikwama chanu. Inu amene mumasewera Loweruka ku Lilongwe Golf Club kapena ku Blantyre Sports Club, munawerenga liti ndodo zanu komaliza? Zikwama zathu zimadzaza mwakachetechete. Mlamu wabwera kuchokera ku Johannesburg ndi wedge, mwailowetsa. Mnzanu wakubwerekani putter kuti muyese, simunabweze. Mwagula hybrid yoti ilowe m'malo mwa 4-iron, koma 4-iron ikadali momwemo chifukwa mtima sukulola kuisiya kunyumba. Palibe tsiku limene munaganiza zophwanya lamulo, munangokana kusankha.

Chizindikiro choyamba n'chimenecho: ndodo ziwiri zogwira ntchito imodzi. Ngati simungathe kunena kuti iyi imafika pati ndipo inayo imafika pati, imodzi ilibe malo. Ngati m'mawa wa mpikisano mukufunsabe anzanu kuti mutenge iti, mwachedwa kale. Kuyesa ndodo n'kwa masiku wamba, pamene palibe amene akulemba mashoti anu. Ndipo chenjerani ndi kamawu kaja kakuti "ndingotenga zonse, ndikaonera komweko." Komweko kuli phuma, kuli moni wa anzanu, dzina lanu likuitanidwa. Simudzawerenga.

Matenda omwewa amagwiranso nsapato. Maenje 18 ndi ulendo wa maola anayi kapena kuposa, wapansi, pa udzu wonyowa ndi mame komanso pamalo otsetsereka. Nsapato yatsopano imene munangoiyesa m'sitolo mutakhala pampando imaoneka bwino pa dzenje loyamba. Pofika lachisanu ndi chiwiri, chithuza chatuluka pachidendene, ndipo munthu wotsimphina sangaponde mwamphamvu pomenya mpira. Mwaigula Lachisanu, mukufuna kupikisana nayo Loweruka, mukuyembekezera chiyani? Ndipo ngati ndi yakaunjika, itembenuzeni muone kunsi. Mabwalo ambiri analetsa zitsulo zosongoka zakale zija chifukwa zimawononga udzu wa pa green.

Kachipangizo koyezera mtunda nakonso kali ndi msampha wake. Kuyambira 2019 malamulo amalola kuyeza mtunda, pokhapokha okonza mpikisano ataletsa. Koma zipangizo zambiri zimawerengeranso kukwera ndi kutsika kwa malo, ndipo kugwiritsa ntchito mbali imeneyo pampikisano n'koletsedwa. Wogulitsa anakuuzani zimenezi? Mukudziwa pozimitsira?

Tsono tiyerekeze kuti zakuchitikirani, mwazindikira ndodo ya nambala 15 muli pakati pa masewera. Apa m'pamene anthu amagwa kachiwiri. Chilango chake ndi mashoti awiri pa dzenje lililonse limene mwasewera nayo m'chikwama, koma sichipitirira anayi pa tsikulo. Chimawawa, koma munthu amapitiriza kusewera. Chimene chimachotsetsa munthu mumpikisano ndi kukhala chete. Mukangozindikira, muyenera kuichotsa pamasewera nthawi yomweyo: uzani amene mukusewera naye, kapena itembenuzeni mutu pansi m'chikwama kuti aliyense aone kuti simuigwiritsanso ntchito. Mukaiona n'kutseka pakamwa, poganiza kuti palibe wawerenga, mlandu wa mashoti awiri mwausandutsa wothamangitsidwa.

Usiku woti mawa mpikisano, khuthulani chikwama chonse pansi. Bwezeranimo ndodo imodziimodzi mukuwerenga mokweza, putter nayonso iwerengedwe, chifukwa ndi imene ambiri amaiwala. Zotsala zisakwere n'komwe galimoto. Mukafika poyambira dzenje loyamba, werenganinso nokha, ngakhale caddie wanu atakutsimikizirani kuti wawerenga kale.