Phunziro la Sabata Ino: Benchi la Agogo ndi Matenda a Maganizo

Munthu akadwala malungo timadziwa kothamangira. Nanga akasowa tulo masabata angapo, osafuna chakudya, osafunanso kuona anthu? Ambiri timangoti walodzedwa, kapena chikhulupiriro chake chazirala. Sabata ino tiphunzire kuchokera ku kafukufuku wa Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harare m'dziko la Zimbabwe.

Mu 2005 wodwala wake wina, mtsikana wa kumudzi, anadzipha. Makolo ake anaona kuti matenda akula, koma analibe ndalama ya basi yopitira naye ku Harare. Nthawi imeneyo madokotala a ntchitoyi sankakwana 20 m'dziko lonselo. Chibanda anaona kuti chithandizo chokhala kutali sichipulumutsa wosauka, ndipo anayamba kufufuza njira yochifikitsira kumene anthu amakhala.

Mu 2006 anayamba ndi agogo aakazi 14 a ku Mbare, dera lina la Harare, amene ankathandiza kale pa zaumoyo. Anawaphunzitsa uphungu, nawaikira benchi lamatabwa panja pa chipatala chaching'ono. Ntchitoyi anaitcha Friendship Bench, kutanthauza benchi la ubwenzi. Agogowo sankatchula maina ovuta a matenda. Ankagwiritsa ntchito mawu a Chishona akuti kufungisisa, ofanana ndi athu aja akuti kuganiza kwambiri.

Pa benchipo wodwala amakumana ndi gogo kasanu ndi kamodzi. Gogo amayamba wamvetsera mpaka munthuyo atatchula zonse zomulemera: ngongole, nkhanza za m'banja, ulova, matenda. Kenaka wodwalayo amasankha vuto limodzi loyamba nalo, ndipo awiriwo amagwirizana chimene achite asanakumanenso. Gogo salamula ndipo sadzudzula. Akaona kuti munthuyo akuganiza zodzipha, amamutumiza msanga kwa achipatala.

Kodi njirayi imathandizadi? Chibanda ndi anzake anaiyesa pa anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 alionse amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 okha ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa. Mwa amene sanakhalepo, anali pafupifupi 50. Lero njirayi yafika m'maiko ena, kuphatikizapo kuno ku Malawi.

Ife akhristu titolapo chiyani? Choyamba, awa ndi matenda ndithu ndipo amachizika. Pa 1 Mafumu 19 timamva za mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa. Mulungu sanamukalipire. Anamutumizira mngelo ndi chakudya, namulola kugona, ndipo pambuyo pake anamumvetsera. Nawonso Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2282 ndi 2283, amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungachepetse mlandu wa munthu wodzipha, ndi kuti Mpingo umapempherera otere. Tisawonjezere manyazi pa banja lolira.

Chachiwiri, kumvetsera kumafuna kuphunzira. Agogo a ku Mbare anali ndi mtima wabwino kale, koma anachita kuphunzitsidwa, ndipo ankadziwa polekezera. Pemphero ndi lofunika, koma tisauze wodwala kuti asiye mankhwala. Chipatala cha Zomba Mental chilipo, zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ziliponso, ndipo poyambira ndi pa chipatala chimene chili pafupi nanu.

Chachitatu, chimene chinasowa kwa mtsikana uja chinali ndalama ya ulendo. Mphakati umene umasonkha pa maliro ungathenso kusonkha kuti wamoyo akafike kwa dokotala.

Mafunso okambirana mu mphakati:
1. Timanena mawu otani za anthu odwala maganizo, ndipo mawuwo amawakoka kapena amawathamangitsa?
2. Ndani pakati pathu amene amasunga chinsinsi, woti tingamutumize kukaphunzira uphungu?
3. Ndani amene wasiya kubwera ku Misa, ndipo adzamuyendera ndani sabata ino?